Kantchentche Kotsiriza m'Chitini cha Ulusi

Tsiku logawa katundu wa malemu akazi anga, ine ndinapempha chinthu chimodzi chokha. Zitenje zinapita kwa achemwali awo, makina osokera anatenga mwana wathu wamkazi, nsapato za kutchalitchi nazo zinapeza mwini ngakhale zinkamuthina. Chitini cha mabisiketi chomwe ankasungiramo ulusi, singano ndi mabatani, alamu anga anali atachiika kale pa mulu wopita kwawo ku Champiti. Ndinakweza dzanja ngati mwana wa sukulu.

"Chitinicho mundisiyire."

"Alamu, mwayamba liti kusoka?"

Anthu anaseka pang'ono, kuseka kwa pamaliro kuja kothera m'chitenje. Sindinafotokoze, ndipo anandipatsa. Pansi pa mabatani panali kabokosi ka machesi, ndipo m'kabokosimo munali kantchentche kamodzi komangidwa pa mbedza. Kanali kotsiriza mwa timene anamanga ndi manja awo.

Kuno ku Biriwiri ukanena kuti nsomba imagwidwa ndi nthenga, anthu amakuyang'ana ngati malungo akukwera kumutu, choncho ndiyambe ndafotokoza. Titangokwatirana ndinapeza ntchito ya ulonda pa damu lina pamwamba pa phiri la Zomba. M'madzi ozizira a kumeneko muli nsomba yotchedwa trauti, ya mawangamawanga kumsana ndi mzere wofiirira m'nthiti. Siiwedzedwa ndi nyongolotsi, lamulo la pamalopo limakana. Umamanga ulusi ndi nthenga pa mbedza kuti zioneke ngati kachilombo, n'kuponya pamadzi ndi ndodo yaitali yopyapyala. Anandiphunzitsa kuponya ndi mlendo wina wachikulire amene ankabwera chaka ndi chaka, ndipo pa ulendo wake womaliza anandisiyira ndodoyo pamodzi ndi mbedza zodzadza envulopu.

Mwa tizilombo tonse, kamene trauti ya pa damulo imakonda ndi kaudzudzu kena kosaluma. Kamakulira m'matope a pansi, ndipo nthawi yake ikakwana kamakwera pamwamba n'kulendewera pamenepo, mutu kunja, thupi m'madzi, kakuvula chikopa kuti kauluke. Pa kanthawi kameneko sikangathawe, ndipo nsomba imadziwa. Siidumpha ayi. Imabwera mwakachetechete, n'kupsopsona madzi, kusiya kabwalo kakang'ono kakufalikira. Kantchentche kako kayenera kulendewera chimodzimodzi. Kakagona pamwamba ngati chitsotso, nsomba imakadutsa. Kakamira, imakadutsanso.

Zala zanga ndi za khasu, ndipo mbedza yake siposa njere ya mpunga. Akazi anga anandionerera masiku angapo ndikulimbana nayo pakhonde, kenako anati, "Tabweretsani kuno, abambo, mungaimeze." Kuyambira tsiku limenelo ntchito yomanga inakhala yawo.

Ankabaya mbedza pa chitsononkho, n'kupanikiza chitsononkhocho pakati pa mawondo. Ulusi wakuda ankayamba aupaka phula, n'kuukulunga kuchokera kumbuyo kwa mbedza kubwera kutsogolo. Pamwamba pake ankazunguliza kanayi kawaya ka mkuwa kochokera mu wailesi yakufa, kowonda ngati tsitsi. Kumutu ankamangirira kanthenga kofewa ka nkhanga, ka m'munsi mwa phiko. Zonsezi ndinkaziona ndi maso anga. Kungoti akayandikira kumutu ankandituma.

"Kathireni madzi m'beseni, tikayese."

Ndikabwera nalo beseni, kantchentche kanali katatha. Ankakaponya m'madzimo, ndipo kankaima chilili, mchira pansi, kanthenga pamwamba. Ine ndinkaombera m'manja, iwo n'kumapitiriza kumanga kena ngati palibe chachitika.

Pali mawu ena amene ndinawauza m'masiku amenewo. Mlendo uja anandiphunzitsa kuti kantchentche kenikeni ndi ulusi ndi nthenga basi, ndipo amene amaikamo pulasitiki kuti kayandame ndi alesi. Ine ndinafika nawo kunyumba mawuwo ndikudzimva, monga amachitira mnyamata akatola nzeru ya munthu wina. Ndinawonjezeraponso anga, ndinati ngakhale kunamiza nsomba kuli ndi malire, Mkhristu asamapyole. Akazi anga anangoti, "Eya, abambo," ulusi uli kukamwa.

Ntchito itatha tinabwerera kuno kumudzi, n'kuyamba kulima kabichi ndi mbatatesi monga anzathu. Koma chaka chilichonse, mwezi wa Okutobala mvula isanagwe, ndinkakwera minibasi kupita ku Zomba kukawedza masiku awiri. Mu Seputembala iwo ankandimangira tintchentche tisanu n'kamodzi. Pondiperekeza kumsewu sankalephera kundinena.

"Amuna a anzanga amapita ndi nyongolotsi n'kubwera ndi ndiwo. Anga amapita ndi nthenga n'kubwera ndi nkhani."

Koma ndikabwera ndi nsomba, ndi iwo amene ankayamba kuionetsa kwa anansi, ataigoneka pa tsamba la nthochi.

M'nyumba mwathu munali vuto lina limene ndinalimbana nalo zaka zambiri: makoswe odya patapata. Chimanga m'nkhokwe sankachivutitsa kwenikweni, sopo sankamukhudza, koma patapata wanga wakumanzere ankamuluma ku chidendene, timabowo ting'onoting'ono tokhotakhota. Ndikagula atsopano, pakapita nthawi nawonso ankalumidwa. Ndinatchera diwa kuseri kwa chitseko, akazi anga n'kundikazingira mtedza wa nyambo. Chaka china ndinakatenga mphaka kwa abale a ku Bwanje, n'kumunyamula m'dengu ulendo wonsewo akulira. Mphakayo ananenepa, patapata anapitiriza kutha. Ndikadandaula, akazi anga ankapukusa mutu.

"Makoswe a masiku ano alibe ulemu," ankatero.

Mapatapatawo ndinkagula kwa mnzanga wina wa golosale pamsewu, Msilamu, munthu wa msinkhu wanga. Ine ndimadziwa kuti Lachisanu masana satsegula, iwo amadziwa kuti Lamulungu sindigula, ndipo takhala bwino motero kuyambira kale. Amanditchula kuti akulu ampingo, makamaka akafuna kundiseka. Nkhani ya makoswe inkawasangalatsa kwambiri.

"Akulu ampingo, makoswe anu amadziwa bwanji phazi lamanzere? Anapita kusukulu?"

Chaka chomaliza, zala za akazi anga zinali zitayamba kutupa, ndipo anangokwanitsa kumanga titatu. Ndinkafuna kusiya ulendo koma anandithamangitsa. Kamodzi kanatsalira m'nthambi ya mtengo, kena kanapita ndi nsomba, ndipo ndinabwerera ndi kamodzi. Anakaika m'kabokosi ka machesi n'kunena kuti, "Aka ndi kambewu." Mvula ya chaka chimenecho isanathe tinawaika m'manda.

Zaka ziwiri sindinapite ku Zomba. Ndodo inakhala kudenga, ikusonkhanitsa mwaye. Chaka chachitatu ndinapita kuchipatala chifukwa zilembo za m'buku la nyimbo zinayamba kuoneka ngati zili m'utsi, ndipo anandiuza kuti ng'ala ikukula m'maso onse awiri. Pobwerera mu minibasi ndinadzifunsa kuti kabowo ka mbedza ndidzakaonanso mpaka liti. Ndinaganiza zopita chaka chomwecho, maso akadalipo.

Koma munthu sapita kudamu ndi kantchentche kamodzi. Mphepo ikangokankha chingwe, kapena nsomba ikadula, ulendo watha. Ndipo kameneka sindinkafuna kukasiya m'nthambi ya mtengo. Ndinatenga chitini chija, chitsononkho, phula, nthenga za nkhanga zomwe zinatsala, n'kukhala pakhonde pomwe ankakhala iwo. Ndinachita zonse monga ndinkaonera. Ulusi kuchokera kumbuyo, waya kanayi, kanthenga kumutu. Koyamba kanatuluka ngati kachitsa. Kachisanu kanayamba kuoneka bwino. Ndinathira madzi m'beseni n'kukaponyamo. Kanaima pang'ono, kenako kanatsika pang'onopang'ono mpaka pansi.

Ndinawonjezera nthenga, kanagona cham'mbali ngati nkhuku yakufa. Ndinachotsa waya, kanamirabe. Ndinapaka mafuta odzola, kanayandama konse, thupi ndi mutu womwe. Sabata ziwiri zinatha motero, kabichi akudikira madzi kudimba. Tsiku lina ndinatulutsa ka iwo kaja n'kukaika m'beseni momwemo pambali pa tanga. Kanaima chilili, mchira pansi, kanthenga pamwamba, ngati kamangidwa dzulo.

Ndinapita kugolosale kukagula ulusi wina, poganiza kuti mwina wakalewo ndi umene walemera. Mnzanga uja anamvetsera nkhani yonse atatsamira pa kauntala.

"Ndiye ka amayi kakuima, tanu tikumira?"

"Tonse, achimwene."

"Katsegulenitu. Wailesi ikakana kulankhula timaitsegula."

"Wailesi mumaitseka mukatha. Aka ndikakamasula sikabwereranso. Kali kamodzi."

"Nanga m'kabokosi ka machesimo kakugwira nsomba zingati?"

Anandipatsa ulusiwo, ndipo pomwe ndimatuluka anayang'ana kumapazi kwanga.

"Koma makoswe aja anakusiyani, eti? Patapata ameneyu ndinakugulitsani kalekale, akadali wathunthu."

"Anasamuka," ndinatero. Zinali zoona, ndipo sindinaziganizirenso.

Madzulo ake ndinaimbira foni mwana wathu wamkazi amene ali ku Lilongwe. Iye anakana msangamsanga. Anati, "Ababa, musakakhudze. Ndidzakugulirani tina ta m'sitolo, tilipo tambirimbiri. Ka amayi kakhale choncho." Ndinamumvetsa. Iye ali ndi makina osokera, akawapondaponda amamva mayi ake. Ine ndinali ndi kabokosi ka machesi.

Nkhaniyi ndinaipempherera masiku atatu. Ena angaseke kuti munthu wamkulu akuvutitsa Mulungu ndi nthenga ya nkhanga, koma ine sindinaphunzire kusankha zomuuza ndi zomubisira. Sindinamve yankho lililonse. Chimene chinkangobwerera m'mutu ndi mawu aja akuti kambewu. Ndine mlimi, ndipo mbewu imene ndinaisungapo osaidzala inathera kwa anankafumbwe.

M'mawa wa tsiku lachinayi, dzuwa litafika bwino pakhonde, ndinayala nsalu yoyera pa mawondo, n'kuvala magalasi, n'kubaya mbedza ija pa chitsononkho. Ndinatenga singano yawo n'kutola mfundo ya kumutu. Inakana, chifukwa ankamanga zolimba. Itamasuka, ulusi unayamba kubwerera, ndipo ndinkawerenga kuzungulira kulikonse kuti ndisaiwale. Pa kachisanu n'chiwiri kanthenga kanagwa, ndipo nditati ndikatole kanathetheka m'zala. Ulusi nawo unaduka pawiri. Apo ndinadziwa kuti kantchentche kawo kapita, ndipo ndinayamba ndaima.

Nditapitiriza, pansi pa ulusi wakuda panaoneka kanthu kobiriwira ngati thambo. Kanali kakang'ono kuposa njere ya mapira, komangiriridwa pamsana pa mbedza kuseri kwa kabowo, kokutidwa bwinobwino kuti kasaoneke. Ndinakabaya ndi singano. Kanali kofewa, ndipo ndikakasiya kankabwerera m'malo. Ndinakaika pa chikhatho n'kukayandikiza kumaso. Mtundu umenewu ndinkaudziwa, koma sindinakumbuke msanga kumene ndinauona.

Kenako ndinadzuka, n'kulowa kuchipinda, n'kugwada kusuzumira pansi pa bedi. Kumeneko kunali mapatapata akale amene sindinataye. Ndinatulutsa wakumanzere, wobiriwira ngati thambo. Ku chidendene kunali timabowo titatu tooneka tatsopano pambali pa takale. Titatu, monga tintchentche ta chaka chomaliza.

Ndinakhala pansi pomwepo, patapata m'dzanja lina, kachidutswa m'dzanja lina. Ndinayamba kuwerenga chammbuyo. Makoswe aja ankabwera mu Seputembala. Zaka zonsezo sindinalumikize. Ndinakumbuka beseni limene ankandituma, mtedza umene ankakazinga ndi nkhope yachifundo, mphaka wa ku Bwanje amene ndinamunena kuti ndi waulesi. Ndipo ndinayang'anitsitsa timabowoto: ankadula ndi nsonga ya sizasi mokhotakhota dala, kuti tioneke ngati mano.

Sindidziwa kuti ndinayamba ndi kuseka kapena kulira. Mayi wina woyandikana nafe amene ankadutsa ndi ndowa anaima pakhomo n'kufunsa ngati kuli bwino, ndipo ndinamuyankha kuti kuli bwino, ndapeza khoswe.

Pambuyo pake ndinaiganizira nkhaniyi mofatsa, chifukwa si yaing'ono kwa munthu amene wakhala akuimirira kutsogolo kwa mpingo kulangiza mabanja kuti asamabisirane. Akazi anga anandibisira zaka zoposa makumi atatu. Koma ndikafufuza pomwe zinayambira, ndimapeza mnyamata uja wofika kunyumba ndi lamulo lobwereka, asanamangepo ngakhale kantchentche kamodzi koima. Iwo anayesa nthenga yokha, anaona kuti siikwanira, ndipo anali ndi njira ziwiri: kunditsutsa, kapena kundilumira patapata. Akanandiuza, mwina ndikanakana kuwedza nato, pofuna kusunga mawu anga. Ndikudzidziwa mmene ndinalili. Ndipo ndikukhulupirira kuti patapita zaka, pamene ndinali nditafewa moti akanatha kundiuza, nkhaniyo inali itayamba kuwakomera. Ndimawaona tsopano ali kukhitchini, akutembenuza mtedza m'chiwaya, mapewa akugwedezeka.

Tsiku lomwelo ndinatenga lezala n'kudula kachidutswa ku patapata yemweyo. Ndinakamangirira kuseri kwa kabowo, n'kukakuta ndi ulusi, n'kuika kanthenga pamwamba, kuzunguliza kasanu ndi kawiri. M'beseni kanapendama pang'ono ngati munthu wotopa, koma kanaima. Ndinamanga tisanu. Kachisanu n'chimodzi ndinakamanga pa mbedza yawo ija, ndi kachidutswa kawo komwe, popeza ndi zokhazo zimene zinatsala.

Ndinafika pa damu m'mawa, chifunga chisanachoke. Mitengo yambiri ya paini imene ndinaisiya inali itadulidwa, ndipo ndinasochera pang'ono ndisanapeze mwala umene ndinkaimapo. Ndinalipira chiphaso chowedzera, ndinapemphera, n'kukhala kudikira. Dzuwa litayamba kufunda, timabwalo tinayamba kuoneka pamadzi, kamodzi apa, kena uko.

Kulowetsa chingwe m'kabowo kunanditengera nthawi yaitali, ndipo ndinachita kufufuza ndi chala kuposa ndi diso. Ndinayamba ndi tanga. Koyamba kanakakodwa mu udzu kumbuyo kwanga, chifukwa dzanja linali litaiwala. Kachiwiri nsomba inakapsopsona, koma ndinakoka mofulumira ngati mwana, n'kukachotsa kukamwa kwake. Mlendo uja ankati ukaona bwalo uyambe wapuma kamodzi usanakweze ndodo. Ine kuyambira kale muyeso wanga unali kunena kuti "Zikomo Ambuye," kenako n'kukweza. Ulendo umenewo ndinaiwala kuthokoza.

Ndinatsegula kabokosi ka machesi. Ndinakayang'ana kanthawi kantchentche ka mbedza yawo, kenako ndinakamangirira. Ndinaponya pafupi, pomwe nsomba ina inkadya motsatira mphepete mwa bango. Kantchentcheko sindinkakaona, maso anga safikanso pamenepo. Ndinangoyang'ana malo amene kanagwera, osagwedeza ndodo, monga kamafunira. Mphepo inakakankha pang'ono. Bwalo linatseguka pamalo pomwepo. Ndinanena mawu anga awiri aja, onse, n'kukweza.

Ndodo inapindika. Nsombayo inathamangira pakati pa damu, n'kudumpha kamodzi, ndipo mtima unali pa chingwe chowonda chija, chifukwa chikanaduka zonse zikanapita. Ndinaisiya ithamange, ndikubweza pang'onopang'ono ikatopa. Pomaliza inagona cham'mbali pafupi ndi mwala, ndipo ndinailowetsa dzanja pansi pa mimba. Sinali yaikulu, kuyambira kunsonga kwa chala mpaka pakati pa mkono. Kantchentche kanali pakona pa mlomo, kanthenga katanyowa. Ndinakachotsa, n'kukaumitsa pa malaya, n'kukabwezera m'kabokosi. Tsiku lonselo ndi lotsatira ndinawedza ndi tanga, ndipo ndinagwira ina imodzi.

Nditabwerera ku Biriwiri ndinatsikira pa golosale ndisanafike kunyumba. Nsomba imodzi ndinaipaka mchere n'kuikulunga m'tsamba la nthochi, ndipo ndinaiika pa kauntala.

"Akulu ampingo abwera ndi ndiwo! Nanga nkhani mwaisiya kuti?"

"Ilipo, achimwene. Ndi yaitali."

Anafunyulula tsambalo, n'kuyang'ana mawanga a nsombayo, kenako monga mwa chizolowezi chawo anasuzumira kumapazi kwanga. Ndinali nditavala mapatapata akale aja, chifukwa atsopano ndinawasiya kunyumba. Anaona chidendene cha kumanzere, pomwe panali timabowo tisanu todulidwa mowongoka ndi lezala.

"Aa, abwereranso? Koma awa mano awo ndi akuthwa bwanji!"

"Ndi khoswe wina," ndinatero. "Woyamba uja anali waluso. Uyu akuphunzira kumene."

Mnzanga uja anasuzumiranso ku chidendene chija. Kenako anakoka mpando wa kuseri kwa kauntala, n'kuutulutsa panja pamthunzi, n'kuitanitsa tiyi.

"Khalani pansi," anatero. "Yambirani pachiyambi."